Masokosi a makanda olembedwa "organic": kusankha poodetsa komanso kuluka anuanu

Chiperoni chikayamba kuomba mu June, pali katundu wina amene amayenda mwakachetechete pa benchi: masokosi a makanda. Sadya malo, saola ngati tomato, ndipo mayi woyembekezera akamalongedza chikwama cha kuchipatala sasiya peyala imodzi kapena ziwiri pambali pa zitenje, chipewa ndi beseni. Masiku ano ena mwa masokosiwa akubwera m'timapaketi tolembedwa mawu a Chingerezi akuti "organic cotton", ndipo mtengo wake umakhala wokwererapo kusiyana ndi anzake. Mayi wina amene amaoda zovala za ana ku Dar es Salaam anandiuza mosabisa kuti kasitomala akamufunsa tanthauzo la mawuwa, iye amangoyankha kuti ndi masokosi ofewa. Yankholi limagulitsa lero, koma tsiku lina adzakumana ndi namwino kapena mphunzitsi wodziwa nkhaniyi, ndipo adzachita manyazi anthu akuona.

Mawu oti organic sanena za kufewa. Amanena za mmene thonje linalimidwira. Mlimi wake sathira fetereza wa kufakitale, sapopera mankhwala a kufakitale ophera mbozi, komanso sabzala mbewu imene asayansi anaisintha chibadwa. Amadalira manyowa, kasinthasintha wa mbewu ndi mankhwala ochokera ku zomera monga nimu. Munda umene unkathiridwa mankhwala umadikira zaka ziwiri kapena zitatu usanavomerezedwe, ndipo chaka chilichonse kumabwera woyendera kudzaona ngati mlimi akutsatadi malamulo. Thonjelo likachoka kumunda liyenera kusungidwa palokha pochotsa njere, popota ulusi, poluka ndi ponyika mu utoto. Ndiye chifukwa chake ndi lodula, ndipo ndi lochepa: pa thonje lonse la dziko lapansi, la mtundu uwu ndi pafupifupi gawo limodzi kapena awiri pa magawo 100 alionse. Lambiri limachokera ku India. Mu Africa muno, Tanzania ndi limodzi mwa mayiko otsogola, makamaka m'boma la Meatu.

Apa pali msampha umene ambiri timagweramo, woganiza kuti chilichonse chochokera kumudzi ndi chachilengedwe. Alimi a thonje a ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima amapopera mankhwala kangapo pa nyengo imodzi, chifukwa mbozi za thonje sizichita chibwana. Komanso kuyambira cha m'ma 2019 dziko lino linalola alimi kubzala mbewu ya Bt, yosinthidwa chibadwa kuti izidziteteza ku mbozi. Thonje limeneli ndi labwino ndithu ndipo likudyetsa mabanja, koma malamulo a organic salivomereza. Choncho ngati wina akukugulitsani ulusi n'kumati ndi organic chifukwa chakuti thonje lake ndi la ku Chigwa cha Shire, dziwani kuti mfundo yakeyo siikwanira.

Chovuta chachikulu kwa wamalonda ndi ichi: thonje la organic ndi thonje wamba simungazisiyanitse ndi maso, dzanja kapena mphuno. Umboni wake ndi wa papepala basi. Chizindikiro chodziwika kwambiri ndi cha GOTS, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2006. Ndi chozungulira chobiriwira, pakati pake pali kamalaya koyera. Chovala cholembedwa "organic" pansi pa chizindikirochi chiyenera kukhala ndi ulusi wa organic wosachepera 95 peresenti. Cholembedwa "made with organic" chikhale ndi wosachepera 70 peresenti. Chizindikiro chenicheni sichiyenda chokha. Pambali pake pamakhala dzina la bungwe limene linayendera fakitaleyo komanso nambala ya chilolezo, ndipo nambalayo mungaifufuze pa foni yanu m'kaundula wa GOTS wa pa intaneti. Paketi yongojambulidwa tsamba lobiriwira, popanda nambala iliyonse, imangosonyeza kuti wosindikiza mapaketiwo anali ndi utoto wobiriwira.

Pali chizindikiro china chimene mudzachiona kawirikawiri, cha OEKO-TEX Standard 100. Ichi sichikunena kuti thonje ndi la organic. Chikunena kuti chovala chomalizidwacho chinayezedwa ndipo mulibe mankhwala oopsa opitirira mlingo. Gulu lake loyamba, lolembedwa Class I, ndi la ana osapitirira zaka 3, ndipo ndi limene lili ndi malamulo okhwima kuposa magulu ena. Kwa ine, pa masokosi a khanda, chizindikiro ichi n'chofunika mofanana ndi chinzake chija, mwinanso kuposa, chifukwa zimene zimakhudza khungu la mwana kwambiri ndi utoto ndi mankhwala a kufakitale, osati zimene zinachitika kumunda chaka chatha. Ubwino wa ulimi wa organic umapita choyamba kwa mlimi amene sapuma mankhwala, ku nthaka ndi ku madzi a m'mitsinje. Ndi ubwino weniweni, koma musamulonjeze mayi kuti masokosiwa adzachiritsa zidzolo za mwana wake.

Musadzione opusa mukapusitsidwa, chifukwa ngakhale makampani akuluakulu zinawachitikira. Mu 2020 bungwe la GOTS linalengeza kuti lapeza matani 20,000 a thonje wamba ku India limene linapatsidwa ziphaso zabodza, ndipo linaletsa makampani 11. Mu 2022 boma la America linalipiritsa masitolo a Walmart ndi Kohl's ndalama zokwana madola 5.5 miliyoni onse pamodzi chifukwa chogulitsa nsalu zolembedwa kuti ndi za nsungwi, pamene zinali rayon, ulusi umene umapangidwa posungunula zomera ndi mankhwala amphamvu. Mawu oti "bamboo" mudzawaonanso pa masokosi a ana. Ndi ofewa, inde, koma si organic. Kuno kwathu, malamulo amene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limayang'anira amaletsa kunamiza wogula za mtundu wa katundu, ndipo lamulo silisankha sitolo yayikulu kapena benchi.

Nanga wamalonda amene ali pa Kariakoo kapena pamene akutsegula belo la kaunjika, wopanda nthawi yofufuza manambala, atani? Pali zinthu zimene dzanja lanu lingayeze pomwepo, ndipo ndi zomwe zimateteza phazi la mwana.

Choyamba, tembenuzani sokosi muone mkati mwake. Izi ndi zimene ndikufuna mukumbukire kuposa zonse. Masokosi okhala ndi zithunzi za tizimbalangondo ndi timaluwa amakongola kunja, koma mkati mwake mumakhala ulusi wautali wolendewera, wodumpha kuchoka pa mtundu wina kupita pa wina. Khanda limapindapinda zala zake tsiku lonse. Kaulusi kamodzi, kapena tsitsi limodzi la mayi lotsalira mu sokosi, likhoza kuzengereza chala n'kumangika, magazi n'kusiya kuyenda. Mwana amangolira osatonthola, mayi n'kumaganiza kuti ndi m'mimba, pamene chala chikutupa mkati mwa sokosi. Madokotala a ana amalidziwa vutoli, ndipo likachedwa kuonedwa chala chikhoza kuwonongeka. Choncho sokosi yopanda zithunzi, yosalala mkati, ndi yabwino kuposa yokongola ija. Ngati mwaoda kale azithunzi, khalani pansi madzulo ndi sizasi, mutembenuze imodziimodzi n'kudula ulusi wonse wautali wolendewera. Imene ikuyamba kumasuka mukadula, ichotseni pa malonda.

Kenako pisani zala ziwiri pakamwa pa sokosi n'kutambasula. Pazitambasuka mosavuta ndi kubwerera m'malo pang'onopang'ono. Lasitiki wothina amasiya mzere pamwendo, ndipo kwa ana ena mzerewo umada n'kukhala miyezi. Womasuka kwambiri nayenso ndi vuto la mtundu wina: sokosi imagwa mwana ali kumbuyo, mayi n'kufika kusikelo ndi imodzi yokha, ndipo kwa inu sabwereranso. Pa masokosi a mu belo, lasitiki akamalira ngati pepala pomutambasula ndiye kuti anatha kale. Papasaninso msoko wa kuzala. Ukhale wathyathyathya, osati chingwe chokhuthala. Mikanda, mabatani ndi timaliboni tomata ndi guluu, zisiyeni. Mwana wa miyezi 5 amatha kufikitsa phazi kukamwa, ndipo chilichonse chothothoka chimathera kukhosi.

Utoto muuyeze ndi kansalu koyera konyowa. Pakani mwamphamvu pa sokosi yofiira kapena yabuluu. Kansalu kakasintha mtundu, utotowo udzatsalanso pa khungu la mwana akatuluka thukuta. Nunkhizani paketi mukangoitsegula. Fungo lamphamvu la mankhwala si chizindikiro cha katundu watsopano, ndi chifukwa chomusiyira mwini wake. Masokosi osanyikidwa mu utoto amakhala a mtundu wotuwira ngati mkaka wa ng'ombe wowiritsa, osati oyera mbee, ndipo amenewa ndi amene ali ndi mankhwala ochepa.

Pomaliza pali kuyesa ndi moto, kumene atelala akale amakudziwa. Gulani peyala imodzi musanatenge madazeni, sololani ulusi pang'ono, muuyatse ndi machesi panja, kutali ndi katundu. Thonje limayaka ngati pepala, limanunkha ngati pepala, ndipo limasiya phulusa lofewa lotuwa. Ubweya wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lopsa, n'kusiya kakhala kakuda kofumbutuka mukakafinya. Ulusi wa pulasitiki, kaya ndi acrylic, polyester kapena nayiloni, umasungunuka n'kusiya kampira kolimba. Paketi ikalemba kuti thonje 100 peresenti koma ulusi wonse n'kusungunuka, mwadziwa amene mukuchita naye malonda. Kumbukirani zinthu ziwiri: masokosi abwino a thonje amakhala ndi lasitiki pang'ono kuti agwire mwendo, choncho kusungunuka pang'ono pakamwa pake si bodza; komanso motowu umangokuuzani kuti ndi thonje, sukuuzani kuti ndi la organic.

Pa kukula kwake, phazi la mwana wobadwa masiku atakwana limatalika pafupifupi masentimita 8, ndipo pofika chaka chimodzi limakhala pa 11 kapena 12. Manambala a miyezi olembedwa pa paketi amasiyana fakitale ndi fakitale, ndiye yendani ndi tepi ya telala m'thumba. Thonje limafupika pang'ono likachapidwa koyamba. Ndipo dazeni muiwerengere mtengo mutachotsamo zolakwika. Tiyerekeze kuti mwaoda dazeni pa K12,000: peyala ikugwera K1,000. Koma mapeyala awiri akapezeka obooka kapena osafanana kukula, peyala iliyonse yotsala yakudyerani K1,200, thiransipoti musanawerengere.

Pali gulu lina la makasitomala limene amalonda ambiri saliganizira. Lipoti la mu 2012 limene bungwe la WHO linatenga nawo mbali linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 pa ana 100 alionse. Ambiri mwa ana amenewa amasamalidwa mwa njira ya kangaru, yomwe inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999: mwana amagona pachifuwa pa mayi ake khungu ndi khungu, atangovala thewera, chipewa ndi masokosi. Masokosi a m'madazeni ochokera kunja amakhala aakulu kwa ana oterewa, amangovuka. Amene ali ndi benchi pafupi ndi chipatala cha boma ndipo amadziwa kuluka timasokosi ting'onoting'ono, ali ndi katundu amene anzake alibe. Pempho langa n'lakuti mtengo wake ukhale wachifundo. Mayi amene ali mu wodi imeneyo sanakonzekere kubereka mwezi umenewo.

Tsono tibwere kwa amene akufuna kuluka okha. Nkhani yoyamba ndi ulusi. Umene timautcha wulu m'masitolo ambiri si wa nkhosa ayi, ndi acrylic. Werengani kapepala kozungulira mpirawo muona. Ndi wotchipa, wofunda, wosavuta kuchapa, ndipo agogo athu alera nawo ana ambirimbiri, koma suyamwa thukuta ndipo simungautche organic ngakhale pang'ono. Ulusi wa thonje lokhalokha umapezeka mwa apo ndi apo, ndipo wokhala ndi chiphaso nthawi zambiri umayenera kuitanitsidwa kudzera mwa oyenda ku Johannesburg kapena Dar es Salaam. Chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chodutsa pa chipata cha dziko chimabwera ndi mtengo wa dola, ndiye musayambe ndi katoni. Yambani ndi mipira itatu kapena inayi. Kapepala ka mpira uliwonse kasungeni. Ndi umboni wokhawo umene muli nawo.

Sankhani ulusi wopyapyala, wolembedwa 4-ply, ndi singano zinayi zosongoka mbali zonse za mamilimita 2.5 kapena 3. Alipo amene amanola masipoko a njinga n'kukhala singano, ndipo zimagwira ntchito, bola nsonga zikhale zosalala komanso zopanda dzimbiri. Kwa woyamba kumene, njira yosavuta ndi sokosi yopanda chidendene, yongokhala ngati kathumba kotalika. Ubwino wake ndi wakuti mwana akamakula chidendene chimadzipezera malo chokha, ndiye peyala imodzi imatha miyezi yambiri.

Yambani ndi masitichi 32 kwa mwana wobadwa masiku atakwana, kapena 24 kwa wa kangaru. Mzere woyambawo ndi umene umathina ambiri, choncho uyambireni pa singano ziwiri zophatikiza, kenako musolole imodzi. Gawani masitichiwo pa singano zitatu, muziluka mozungulira ndi yachinayi: awiri oongoka, awiri otembenuza, mpaka kumapeto, ngati malukidwe a mizeremizere a pakhosi pa juzi. Malukidwe amenewa musawasiye pakati. Thonje silitambasuka n'kubwerera lokha ngati ubweya, ndiye mizereyo ndi imene imagwira ntchito ya lasitiki. Mukafika masentimita 14 kapena 15, kapena 10 kwa wamng'ono uja, yambani kutseka kuzala: lukani masitichi awiriawiri pamodzi kuti 32 akhale 16, lukani mzere umodzi osachepetsa, kenako awiriawirinso kuti atsale 8. Dulani ulusi, muupise m'masitichi otsalawo n'kukoka. Mchira wa ulusi musaumange mfundo mkati. Ulowetseni m'malukidwe masentimita angapo n'kudula pafupi, kuti pasatsale chokola chala. Amene ali ndi singano ziwiri zokha akhoza kuluka chathyathyathya n'kusoka pambali, koma msoko ukhale kunja. Suoneka bwino kwenikweni, koma mayi mukamufotokozera chifukwa chake amamvetsa msanga.

Mitundu iwiri pa sokosi imodzi ndi yotheka ngati ili mizere yopingasa, chifukwa ulusi sudumpha mkati. Zithunzi zisiyireni majuzi.

Telala nayenso ali ndi njira yake. Mu belo mumapezeka masikipa a thonje lofewa, ena olembedwa organic cotton pa lebulo, amene sagulika chifukwa cha kabowo kapena banga. Sikipa imodzi ya munthu wamkulu, yochapidwa bwino, imatulutsa mapeyala angapo. Dulani motsata mbali imene nsalu imatambasuka kuti izungulire mwendo, sokani ndi zigizagi kuti msoko usaduke, ndipo pakamwa pake gwiritsani ntchito nsalu ya m'khosi kapena ya kumikono. Pogulitsa nenani zoona, kuti mwasoka kuchokera ku sikipa ya kaunjika.

Mawu olemba pa kapepala kanu ndi ofunika kuwasamala. Kugula ulusi wa chiphaso sikukupatsani ufulu woika chizindikiro cha GOTS pa masokosi anu. Chizindikirocho n'cha okhawo amene ntchito yawo inayenderedwa. Chimene mungalembe ndi chimene mungaonetse: kuti aluka ndi manja, ndi ulusi wa thonje, osanyikidwa mu utoto ngati zilidi choncho, ndipo wofuna kuona kapepala ka ulusiwo mumuonetse.

Masamu ake ndi awa, ndipo manambalawa ndi ongoyerekezera, inu muikemo mitengo ya kwanu. Peyala ya khanda imadya magalamu 15 mpaka 20, ndiye mpira wa magalamu 50 umatulutsa mapeyala awiri, mwina atatu ngati ali ang'ono. Mpira wa K6,000 ukatulutsa atatu, ulusi wa peyala imodzi ndi K2,000. Onjezani K300 ya kapaketi ndi maulendo. Ngati peyala ikukutengerani maola anayi ndipo ola lanu mwaliika pa K500, pabwera K2,000 ina. Zonse K4,300, phindu musanaikepo. Ambiri oluka amaiwala gawo la maolalo, n'kumadabwa kuti manja akupweteka koma mpamba sukukula. Zikuonekeratu kuti pa mtengo simungapikisane ndi makina a ku China. Msika wanu ndi wina: wogula mphatso yokaonera mwana wotuluka m'chikuta, anzake a kuntchito osonkherana, amayi a kumpingo. Amenewa amafuna chipewa ndi masokosi zofanana, m'kapaketi kaukhondo, ndipo amalola kupereka theka la ndalama ntchito isanayambe. Lukani m'miyezi ya March ndi April, pamene malonda ena ali ozizira, kuti May akamatha katundu akhale ali pa benchi. Ku Dedza, Ntcheu, Mzuzu ndi Thyolo nyengo yake imatalikirapo kusiyana ndi ku Nchalo kapena Mangochi.

Pa benchi, masokosi akhale m'chidebe chotseka kapena m'mapaketi. Ikani peyala imodzi yokha panja yoti anthu azigwira. Ndipo popereka chenji, muuzeni mayi zinthu zitatu izi, sizitenga mphindi: achape asanamuveke mwana, ndi sopo wamba wosanunkhira, n'kutsukuluza bwino, aziwatembenuza nthawi iliyonse n'kuchotsa tsitsi kapena ulusi asanalowetse phazi, ndipo ayanike pa chingwe padzuwa, osati pa udzu kapena pansi pamene ntchentche ya mphutsi imaikira mazira. Ngati awasita, simbi isatenthe kwambiri pakamwa pa sokosi, chifukwa lasitiki ndi moto sizigwirizana.